Sukulu ya Pakhonde ndi Mpheta za Apongozi

Lolemba, 8 Juni

Lero ndatsegula sukulu. Ine amene, pakhonde panga!

Ndilembe chifukwa chake, kuti tsiku lina ndikadzatopa ndidzakumbukire kuti sindinayambe dala. Dzulo apongozi anga atumiza uthenga kuchokera kumunsi ku sikimu ya mpunga. Mpunga wawo wayamba kucha, mpheta zikudya ngati zinalima nawo, ndipo iwo mawondo sakuwalola kuthamanga. Akuti Lusiya apite akawaingitsire mbalame, poti korona watseka sukulu ndipo mwana akungokhala. Akuti mpaka sukulu zitsegulidwe basi.

"Mpaka sukulu zitsegulidwe basi." Mawu amenewa ndimawadziwa. Kwathu ku Mekanyela, tsidya la nyanja ya Chilwa ku Mozambiki, ine ndinali kalasi yachisanu ndi chimodzi pamene azakhali anandipempha kuti ndikawaingitsire mbalame mwezi umodzi. Mbalame zitatha kunabwera kupuntha mpunga, kupuntha kutatha kunabwera khanda la azakhali loti ndilere. Pobwerera kwathu yunifolomu yanga anali atavala mng'ono wanga. Sukulu yanga inathera pamenepo. Lusiya wanga ali Sitandade 7, ndipo sapita.

Bambo a Lusiya, kalaliki wa mu ofesi ya koleji, munthu woopa mayi ake ndi mkazi wake mofanana, agamula ngati woimbira mpira: "Ngati mwana akuphunziradi pakhomo pano, akhale. Koma ngati akungomvera nyimbo pa wailesi, Lamlungu apite kwa agogo ake." Chabwino. Aona.

Katundu wa sukulu:
- wailesi ya bambo a Lusiya, imene amamverera mpira
- chitseko chakale cha kubafa, ndachidetsa ndi makala, ndiye bolodi
- makaka ouma bwino, ndiye choko
- khasu lakutha, ndalipachika mu mtengo wa mango, ndiye belu
- ndowa ya madzi ndi sopo, poti korona
- mphunzitsi wamkulu: ine
- ana asukulu: Lusiya

Ndaliza belu. Lusiya watuluka m'nyumba, wafika kale kusukulu. Ndamuuza kuti wachedwa, chifukwa sukulu yopanda wochedwa si sukulu.

Maphunziro a pa wailesi ayamba. Mphunzitsi wa m'wailesimo ndi mayi wa mawu ozizira, koma sadikira munthu. Akafunsa funso amakhala chete pang'ono, kenako amvekere, "Mwakhoza!" ngakhale iwe sunatsegule pakamwa. Ine wandiuza kangapo kuti ndakhoza, ndili kukhitchini ndikutsuka mapoto.

Ntchito yanga ndi kubwereza zimene wanena, mokweza, kuti zilowe m'mutu. Bambo a Lusiya pobwera masana akuti, "Amake Lusiya, sukulu yanu ndinayamba kuimva ndili pa mlatho." Nsanje basi.

Abiti Yusufu, mnansi wathu wa kuseri kwa mpanda amene amagulitsa mpunga ndi nsalu kumsewu, asuzumira: "Mlamu, belu limeneli ndi la maliro kapena la phala?" Ndawafotokozera. Akuti mawa atumiza awo awiri, awatopetsa m'nyumba. Ndavomera ndi manja awiri. Zaka zonsezi m'malaini a koleji muno ine ndine "uja wa ku Mozambiki", wodziwa kukazinga matemba basi. Tsopano aona okha. Paja amati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa.

Lachiwiri, 9 Juni

Walira mvula walira matope!

Abiti anati awiri. Abwera awiriwo, asuweni awo, Tawonga mwana wa Mayi Kumwenda (akazi a alekichala, a nyumba yoyang'anana nafe, aja a foni yaikulu), ndi ena oti sindikudziwa ngakhale kumene achokera. Kamtsikana kena kabereka khanda kumsana. Khandalo lili Sitandade chani?

Ndalengeza malamulo:
1. Kusamba m'manja musanakhale pansi.
2. Kutalikirana. Ndajambula mabwalo pansi ndi phulusa, aliyense m'bwalo lake.
3. Masiki pakamwa.
4. Ine ndine Madamu, osati "anti".

Lamulo loyamba layenda bwino kwambiri, moti sopo watha ndipo pakhonde pasanduka dambo. Lamulo lachiwiri lafa pamene wailesi yaika kanyimbo. Lachitatu ndisanene: wina masiki ali pachibwano, wina pachipumi, wina wapangira legeni. Lachinayi lokha ndilo lagwira, koma akumaseka akamalinena.

Choko chatha. Sichinathe ndi kulemba ayi, achidya! Ndinangotembenuka kukatenga madzi, pobwera pakamwa pa aliyense pali mbuu. Ndafunsa wadya makaka ndani, onse akuloza khanda lija, loti lilibe ndi mano omwe.

Kenako phunziro la Chizungu. Apa ndiye pavuta. Ine sukulu yanga inali ya Chipwitikizi, Chizungu changa ndi chija cha m'minibasi ndi kuchipatala. Komabe ndikubwereza mokweza zimene khutu langa lagwira. Ana akubwerezanso zimene ine ndanena, osati zimene wailesi yanena, poti ine ndikumveka kuposa wailesi. Lusiya wazolika, mapewa akugwedezeka. Ndamufunsa chikuchitika n'chiyani, akuti akutsokomola. Ndamukumbutsa kuti masiku ano kutsokomola ndi mlandu.

Magetsi azima phunziro lili pakati. Ndatsegula kuseri kwa wailesi, mabatire mulibe, bambo a Lusiya anaika mu tochi. Ana ayamba kuyang'ana mu mtengo wa mango ngakhale si nyengo yake. Kuti asabalalike ndapereka mayeso: kuphatikiza, kuchotsera, kuchulukitsa. Masamu alibe Chizungu kapena Chipwitikizi, nambala ndi nambala.

Ana anzeru awa! Mariamu wa Abiti wapeza 17. Tawonga 19. Ngakhale kamtsikana ka khanda kaja kapeza 14. Ndalemba malikisi ndi bolopeni yofiira, manambala akuluakulu, n'kuwazunguliza kuti makolo asavutike kuona. Apite akanyadire.

Bambo a Lusiya afunsa kuti mwana wathu waphunzira chiyani lero. Lusiya wayankha kuti waphunzira kupirira. Ndidzathana naye.

Lachitatu, 10 Juni

Ndisanasese n'komwe pabwalo, odi pachipata. Abiti Yusufu, mpango uli pambali, kope la Mariamu lili m'manja.

"Mlamu, mwana wanga wakulakwirani chiyani? Kusukulu samatsika pa 70. Kwa inu tsiku limodzi lokha wagwa mpaka 17? Bambo ake amumana tiyi m'mawa uno."

Asanamalize, Mayi Kumwenda atulukira. Akuti Tawonga walira mpaka maso atupa, akuti chibadwire sanapezepo 19, ndipo bambo ake afunsa ngati mwana wadwala mutu.

Ine kudabwa. 19 n'kulira? Kwathu mwana akapeza 19 amamunyamula paphewa! Ndiye ndazindikira. Ku Mozambiki timachonga pa 20. Wopeza 10 wakhoza, wopeza 20 sitinamuonepo. Kuno amachonga pa 100, ndipo ine sindinalembe kuti ndi pa zingati, poti ndani sadziwa?

Ndawafotokozera. Abiti aseka mpaka akhala pansi pa bwalo la phulusa. Akuti apita msanga akamupatse mwana tiyi wake, ndi chitumbuwa chopepesera. Mayi Kumwenda angomwetulira kuja kwa anthu ophunzira, n'kunena kuti, "Palibe kanthu, Mayi a Lusiya, tizolowerana." Manyazi andigwira, koma ana abwerabe onse, ndi ena owonjezera.

Ndiye Mayi Kumwenda andionetsa pa foni yawo. Pali gulu la makolo pa Watsapu limene aphunzitsi amatumizapo ntchito. Ine sindilimo, kafoni kanga ndi koyimbira ndi kuunikira basi. Aphunzitsi a Sitandade 5 atumiza masamu ogawa, akuti ana alembe, makolo ajambule makope atumize mawa. Ana ambiri pakhonde panga ndi a Sitandade 5.

Masamu ogawa! Mtima wanga wadumpha. Ku Mekanyela palibe amene ankandiposa pa kugawa, anyamata omwe ankandibera. Apa ndiye ndichotsa manyazi a malikisi aja.

Ndatenga makaka atsopano, awa ndikusunga m'thumba la epuloni. Ndalemba pa chitseko monga anandiphunzitsira: malalanje 84, ana 4. Nambala yaikulu kumanzere, yaing'ono kumanja m'kakhola kake, yankho pansi pa kakholako. 21. Zoyera, zooneka bwino.

Mariamu wakweza dzanja: "Madamu, kanyumba kali kuti?" Kanyumba kanji? Akuti kusukulu nambala yaing'ono imaima panja kumanzere, yaikulu imalowa m'kanyumba, yankho limakwera padenga. Yankho padenga ngati dzungu! Ndawauza kuti zimenezo n'zochedwetsa, achite zanga.

Lusiya wandinong'oneza, "Amayi, kuno sitilemba choncho, muwasokoneza." Ndamuuza kuti ine ndinayamba kugawa iye asanabadwe, akhale chete amvere wailesi yake. Wakhaladi chete. Mwana waulemu amaopsa nthawi zina.

Tagawa mpaka dzuwa lafika pamutu. Mawu anga sanathe ngakhale pang'ono. Mayi wina wodutsa ndi mtolo wa nkhuni waima pampanda n'kufunsa ngati kuli msonkhano wa chipani.

Lachinayi, 11 Juni

Kwazizira, phiri la Zomba silikuoneka, chifunga chokhachokha. Ana abwera atavala majuzi a akuluakulu. Amaliza masamu aja kunyumba, Mayi Kumwenda ajambula makope onse n'kutumiza. Ine sindinayang'anemo. Ndikanayang'ana!

Tisanaweruke, Mayi Kumwenda abweranso, foni aigwira ngati mbale yotentha. "Mayi a Lusiya, bwerani kuseri kuno mumve." Aphunzitsi a Sitandade 5 atumiza mawu ojambula pa gulu lija. Ndikulemba monga ndamvera, chifukwa sindidzaiwala:

"Makolo, moni nonse. Ndalandira ntchito ya ana a m'malaini a koleji. Ndikufunsa mwaulemu, ndani akuphunzitsa ana athu kugawa cham'mbuyo? Funso linali logawa malalanje 84 kwa ana 4. Ana anu agawa ana 4 kwa malalanje 84. Lalanje lililonse lalandira kachidutswa ka mwana. Chonde, amene akuchita zimenezi ayambe wapuma."

Mayo ine!

Ndaona makopewo tsopano. Ana sanatenge njira yanga, sanatengenso ya kusukulu. Aphatikiza. Manambala awaika monga ndinawauzira ine, yaikulu kumanzere, koma kanyumba ka aphunzitsi awo sanafune kukasiya, ndiye akamanga pamwamba pa nambala yaing'ono. Yankho ena alemba pansi, ena padenga. Tawonga walemba konsekonse kuti asaluze. Mapanga awiri avumbwitsa, ndipo ana a eni avumbwa chifukwa cha ine.

Pa gulupo anthu akungotumiza tinkhope toseka. Bambo wina walemba kuti mwana wake anali bwino asanayambe sukulu ya pakhonde. Wina wafunsa ngati kachidutswa ka mwanako ndi mwendo kapena khutu. Palibe watchula dzina langa, koma Domasi yense anandimva ndikugawa dzulo.

Kalumo kanga kakuthwa kaja kameta ana a eni mpaka kuwacheka.

Masana bambo a Lusiya alowa, avula nsapato, akhala pampando. Ndiye akuti, "Ku ofesi amvetsera mawu aja katatu. Ngakhale abwana atuluka kudzamva." Ndawapatsa madzi osamba m'manja. Akuti, "Amake Lusiya, mwayesetsa." Mawu amenewa ndi amene amauza wodwala asanamuuze zoipa.

Lusiya wakhala pakhonde ndi kope lake, akulemba zimene wamva pa wailesi m'mawa, pamene ine ndimalimbana ndi malalanje. Sabata yonseyi mwana amene ndinatsegulira sukulu sindinamuphunzitse kanthu. Ndangomusokosera.

Ndiwo zapsereranso.

Lachisanu, 12 Juni

Ndaliza belu mwamanyazi, pang'onopang'ono. M'malo mwa ana abwera amayi awo. Ndati basi, lero andisamutsa m'malaini muno, ndipo malire atsekedwa, ndilowera kuti?

Akhala pansi pa mango motalikirana, aliyense masiki pakamwa, moti sindikudziwa amene wakwiya ndi amene akuseka. Ayamba ndi Mayi Kumwenda. "Mayi a Lusiya, ife tonse tinangokhala m'nyumba miyezi yonseyi, wailesi ikulankhula yokha, ana akusewera fulaye. Inu ndi amene mwatidzutsa. Sukuluyi isafe." Ndayamba kuwongola khosi. Ndiye apitiriza: "Koma inuyo mupume kaye pa bolodi."

Kundichotsa ntchito pakhonde panga pomwe! Mwaulemu wake, mpaka ndathokoza.

Abiti andigwira paphewa, aiwala za korona. "Mlamu, musadandaule. Ine ndinabwera kuno kuchokera ku Mangochi ndikuyesa mpunga ndi mbale ya kwathu, makasitomala anandithawa mwezi wathunthu. Kwa eni umaphunzira ndi manyazi."

Agawana ntchito, ndipo agawa molondola:
- Chizungu ndi za pa foni: Mayi Kumwenda
- wailesi ya sola, yosadalira magetsi kapena tochi ya bambo a Lusiya: Abiti
- malo: shedi ya Abiti youmitsira mpunga, poti ndi yaikulu, ana atalikirana
- choko chenicheni: aphunzitsi aja atumiza, akuti atamva kuti tinkalembera makaka anadandaula kuti analankhula mokalipa
- kukonza masamu amene ndinawononga: Lusiya, m'mawa
- kuphunzitsa Lusiyayo za Sitandade 7: Mayi Kumwenda, masana, pa tebulo pawo, ndi mabuku a mwana wawo wamkulu
- belu: ine

Belu. Kuchoka pa mphunzitsi wamkulu kufika pa woliza belu, sabata isanathe. Koma kunena zoona mtima wanga wapepuka. Lusiya pa tebulo la alekichala, ndi mabuku! Zimene ndinkafuna zija zabwera, kungoti zadzera khomo la ena.

Ndadikira bambo a Lusiya ndi nkhani yabwinoyi. Ndawauza asanavule nsapato. Iwo akungokanda m'mutu.

"Amake Lusiya, ine dzulo nditamva mawu aja ndinawaimbira amayi. Ndinawauza kuti sukulu yagwa, abwere adzamutenge. Afika mawa."

Ndawauza kuti awaimbirenso. Akuti foni ya apongozi ili kotchajitsa, ndipo ngakhale akanaipeza, mpunga ukuthadi, ndi umene timadya ife tomwe pano chaka chonse. Ndipo zimenezo ndi zoona.

Lusiya wamva zonse. Sanalire. Watenga chikwama chake cha sukulu, watulutsa makope, wayamba kuikamo zovala. Ine ndinachitanso chimodzimodzi tsiku lija ku Mekanyela, makope ndinawaika pa mtanda wa denga kuti ndidzawapeze. Anadyedwa ndi chiswe.

Ndili ndi mantha. Ndalanda chikwamacho, ndabwezeramo makope.

Loweruka, 13 Juni

Lero wailesi ilibe maphunziro, koma amayi aja anati ana abwere kuti Lusiya ayambe kuchotsa malalanje anga m'mitu mwawo. Tanyamula chitseko chija kupita nacho ku shedi ya Abiti. Ine ndaliza belu, ntchito yanga yatha, ndaima pambali ngati mlonda.

Apongozi afika pa kabaza. Kutsika kokha kwawatengera nthawi, mnyamata wa njinga wachita kuwagwira mkono. Aonda. Maso afiira ndi dzuwa, mawu asasa chifukwa chokuwa. Ndinakonzeka kukangana nawo, koma nditawaona mkwiyo wathawa. Ndawapatsa mpando, ndagwada, tapatsana moni.

Akuti, "Mdzukulu wanga ali kuti? Wakonzeka?" Ndawatengera ku shedi kuti aone okha.

Lusiya ali pa bolodi, choko chenicheni m'manja. Wajambula kanyumba kaja, ana anayi awaimika panja, malalanje awalowetsa m'kati. Sakukuwa, koma ana onse ali tcheru. Ndiye akuti, "Njira ya amayi anga si yolakwika, yankho limatuluka lomwelo. Koma pa mayeso a kuno tizimanga kanyumba." Ndayang'ana kumbali, m'maso mwalowa mankhusu a mpunga.

Apongozi aonerera nthawi yaitali. Abiti awafotokozera za tebulo la Mayi Kumwenda. Mayi Kumwenda awonjezera kuti chaka cha mawa mwanayu alemba mayeso a Sitandade 8, ndipo mutu uli nawo. Bambo a Lusiya aima kumbuyo kwa onse, akuwerenga malata a shedi.

Apongozi apumira m'mwamba. "Ndaona, ndipo zandikomera. Koma mpheta sizidziwa Sitandade. Panopa ndasiyira mwana wa aneba, ndipo iye akuona munda wa kwawo poyamba. Ine sindikufuna Lusiya chifukwa ndi Lusiya. Ndikufuna munthu wa miyendo, ndi wa pakamwa pomveka."

Ine ndayang'ana anthu onse amene ali pamenepo. Mayi Kumwenda ali ndi Chizungu. Abiti ali ndi wailesi ndi geni yawo. Lusiya ali ndi bolodi. Bambo a Lusiya ali ndi ofesi. Watsala ndani wopanda ntchito, wa miyendo, amene mawu ake amamveka pa mlatho?

Ndati, "Amayi, ndipita ndine."

Apongozi andiyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku masilipasi. "Inu apongozi? Munthu wa m'malaini, wozolowera madzi a pampopi? Ntchito imeneyi mukuidziwa?"

Ndawauza kuti masamu ndinalekezera panjira, koma za mpheta ndinamaliza makalasi onse. Ndawauza za azakhali, za mwezi umodzi uja. Nkhani imeneyi sindinawauzepo chikwatiwire. Iwo akuti, "Takuwani timve."

Ndavula masiki, ndayang'ana kumbali, ndakuwa monga tinkakuwira ku madambo a kwathu. Mbalame zonse za mu mango zabalalika. Galu wa a Kumwenda walowa pansi pa galimoto. Khanda lija layamba kulira. Amuna awo a Abiti atuluka m'sitolo mwawo ndi mita yoyezera nsalu m'manja, akufunsa kuti wakuba walowera kuti.

Apongozi akuti, "Mawa tinyamuke m'mamawa."

Apa ndi pamene bambo a Lusiya apeza mawu: "Nanga ine ndizidya chiyani?" Abiti awayankha kuti Lusiya azidya kwa Abitiwo masana, agone komweko ngati afuna, koma bambo wamkulu ngati iwo aphunzire kukoleza mbaula. Akuti akalephera atsegule wailesi, mwina iwauza kuti akhoza.

Lamlungu, 14 Juni

Ndikulemba ndili pa nsanja, pakati pa mpunga wa apongozi. Kutchalitchi sindinapite, ndipo mpheta nazo sizinapite.

Zimene ndasiya:
- sukulu yanga, m'manja mwa anthu odziwa
- chitseko cha kubafa, akuti sabweza
- bambo a Lusiya atagwada pa mbaula, akupemerera utsi ndi envelopu ya ku ofesi
- dzina langa latsopano m'malaini: Madamu Malalanje

Zimene ndabwera nazo: chitenje, juzi, kope lino, ndi belu. Lusiya ndi amene walimasula mu mango. Akuti Abiti ali ndi limu ya tayala la galimoto yolira bwino ngati belu, khasuli ndilitenge, likandithandiza. Ndiye udindo wa belu nawonso wandichoka. Watiperekeza mpaka pamsewu, n'kunena kuti, "Amayi, musakazikalipire kwambiri, nazonso ndi ana a eni." Mwana ameneyu pakamwa anatengera ndani?

Ndamuuza kuti mawa asachedwe kwa Mayi Kumwenda, asambe m'manja, asakhale pa sofa asanauzidwe. Wangoti eya. Kabaza atayamba kuyenda sindinacheuke, chifukwa ndikanatsika.

Kuno zonse zili monga ndinazisiyira zaka zija. Zingwe zodutsa pamwamba pa mpunga, zitini zomangirira, matope ozizira kumapazi, dzuwa lolasa pamutu. Manja akumbukira okha kukoka chingwe. Khasu ndalipachika pa nsanja. Ndikaliliza, mpheta zimadzuka zonse pamodzi, kuzungulira, n'kukatera m'munda wa aneba. Aneba akuwa, zibwerera kwa ine. Ana asukulu anga atsopano ndi amenewa. Samvera, sasamba m'manja, satalikirana, ndipo akudya zipangizo. Kusiyana kwake n'kwakuti awa ndikawakuwira palibe amene atumize mawu pa foni.

Apongozi akhala pamthunzi, miyendo atambasula, akusenda mbatata. Andiitana kuti ndidzadye, n'kunena kuti, "Musadandaule apongozi, ndi mpaka tikolole basi." Ndaseka mpaka iwo adabwa. Mpaka tikolole, mpaka tipunthe, mpaka liti kaya. Ine zitenge nthawi imene zifuna, palibe yunifolomu imene ikundidikira.

Sabata yatha ndinali mphunzitsi wamkulu, lero ndine choopsezera mbalame. Basi, zili bwino. Kawiri konse m'moyo mwanga ndachoka pa sukulu kupita ku mpheta. Ulendo woyamba ndinapita ndikulira, sukulu inatsala kumbuyo ndipo sindinaipezenso. Lero yatsalanso kumbuyo, koma Lusiya ali momwemo.

Zateranso kumunsi uko. Ndikaimbe belu.